Kadontho ka kuphazi kwa ababa

Ndirande, Blantyre
14 Okutobala 1997

Okondedwa achimwene a Kalilu,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Chia kumeneko? Chifuwa cha amayi chija chinaleka? Ine ndili bwino, kungoti mipopi imauma pafupipafupi ndipo misonkhano ya zipani ikutisokosa mapeto a sabata aliwonse.

Ndalemba za kadontho kakuda ka kuphazi kwa ababa, kamene adokotala anadulako pang'ono ababa atabwera kuno. Si khansa, alhamdulillah! Ndipo amene anakonza kachidutswako mu labotale ndi ine mlongo wanu, yemwe munkanditonza kuti ndi chambo chomwe sinditha kutumbula. Ndinakacheka mopyapyala n'kuthira mankhwala atsopano osandutsa buluu maselo okalamba. Maselo ndi tizigawo ta thupi tooneka pa makina pokha. Adokotala anandifotokozera kuti okalamba amaleka kuswana, kadontho n'kungokhala phee. Oopsa ndi okana kukalamba. Nditasuzumira, pakati ponse panali buluu. Adokotala anayamikira dzanja langa pamaso pa anzanga, ndipo sindibisa, ndinanyada tsiku lonse.

Koma m'mphepete muli maselo ochepa osaoneka bwino, amene sanasinthe mtundu. Akuti kadontho konse kachoke mvula isanagwe, ababa asanalowe m'matope a mpunga. Pempho langa ndi limodzi: bwerani nawo inuyo. Mukawakweza basi okha atsikira pa Salima kwa anzawo.

Chowaletsa ndikuchidziwa. Anandiuza kuti safuna kukaima pamaso pa Mulungu ndi thupi loperewera, nyama yawo ina itatayidwa kudzala la m'tauni. Auzeni kuti sindinataye. Chotsala ndinachipempha, chili m'kabotolo pafupi ndi kansalu koyera kamene ndinagula ku Limbe. Chimene adzadule ulendo wachiwiriwu ndidzasunganso, ndipo pa Idi tidzakwirira zonse kwathu monga ashehe adzanenere.

Moni kwa amayi, alamu anga, azakhali a ku Dwangwa ndi ana onse. Ababa muwapatse moni wapadera. Paja amakwiya wina akawatchula nkhalamba, ndiye muyambe mwakhala patali pang'ono, kenako muwauze kuti ukalamba wawo ndauona ndi maso angawa, ndipo palibe chimene chinandisangalatsapo chotere.

Ndine mlongo wanu,
Rahila