Apongozi akuti ndikumuyeretsa mwana

Aphungu,

Ndine mayi wa mwana wamwamuna wa miyezi isanu ndi itatu, ndipo mtima wanga suli m'malo. Ndimaluka tsitsi mu saluni, ndiye masana mwanayu amakhala ndi apongozi anga aakazi. Iwo amagulitsa nsapato m'mbali mwa msewu, pamalo opanda ngakhale mtengo umodzi, mwana ali kumbuyo.

Mwezi watha ndikumusambitsa ndinaona kuti makutu ndi kumbuyo kwa khosi kwasupuka. Ndikangomukhudza ankalira ngati ndamutsina. Wogulitsa mankhwala anati ndi dzuwa, ndipo anandipatsa mafuta a ana oteteza khungu. Vuto ndi loti ndikamudzoza amatuwa ngati wagwera mu ufa.

Apongozi atamuona anawomba m'manja. "Amake mwana, mwayamba kumuyeretsa mdzukulu wanga? Zija amadzola atsikana akusaluni kwanu mwabwera nazo m'nyumba muno? Kuda kwathuku kukukuchititsani manyazi?" Ndinayesa kufotokoza, koma anangoti, "Bambo akewa ndinawalera padzuwa lomweli, anafa?" Botolo analanda n'kulitsekera m'chikwama mwawo. Amuna anga ndikawadandaulira amangoti, "Mukambirane nokha azimayi," maso ali pafoni.

Panopa apongozi akumamufunditsa thaulo lochindikala mutu wonse, ati asapse. Dzulo ndinamupeza thukuta lili kamukamu, kuyamwa akuchita mwaulesi. Aphungu, ndikuopa. Manja amakhala akuluka koma maganizo ali kumsewu, ndipo wina wondisungira mwana ndilibe. Kodi ndigule botolo lina ndizimudzoza mobisa? Nanga mafutawa sangamuyeretsedi?

T.G.

Mayi T.G.,

Thaulo lichoke lero lomwe. Likundiopsa kuposa dzuwalo, chifukwa mwana sachedwa kutenthedwa thupi akafunditsidwa chonchi. Mugulireni chipewa chotambalala chophimba makutu ndi khosi, muzimuveka zovala zopepuka za manja aatali. Chachikulu ndi mthunzi, makamaka dzuwa likafika pamutu. Amuna anuwo aike foni pansi, apeze ambulera yaikulu akaimange okha pamalo amene amayi awo amagulitsira nsapato. Mwanayu si wa azimayi okha.

Mafutawo sayeretsa khungu, khazikani mtima pansi. Otuwitsa chonchi kawirikawiri amakhala ndi zinc oxide kapena titanium dioxide, ndipo ndi amene khungu la ana limagwirizana nawo. Onani pabotolo kuti palembedwa SPF 30 kapena kuposa, ndipo pewani onunkhira. Yambani mwayesa pang'ono pamkono wake, muone ngati sakutuluka zidzolo. Pamene panasupuka dikirani papole kaye. Muzimudzoza makutu, khosi, masaya ndi mapazi, koma osati pafupi ndi maso kapena zala zimene amayamwa. Akanakhala wosakwana miyezi isanu ndi umodzi ndikanati mthunzi ndi zovala basi. Khungu lakuda limapsanso, mwaona nokha.

Apongozi anu musawaone ngati mdani. Aona nkhope zambiri zowonongeka ndi mafuta oyeretsa, ndipo mantha awo ndi a mwana yemweyo amene inu mukumudera nkhawa. Kukangana nawo sikuthandiza. Apempheni botololo mwaulemu, mudzole pamkono panu iwo akuona, kenako musambe ndi sopo. Aone okha kuti kutuwako kwachoka ndipo khungu lanu lili mmene linalili. Akakanabe, pitani nawo kusikelo ya ana akamve kwa namwino. Pena mawu omwewo amamveka bwino akachoka pakamwa pa munthu wina osati mtengwa.

Za kuyamwa mwaulesi zija musazitenge mopepuka. Muyamwitseni pafupipafupi, ndipo musiyireni madzi abwino akumwa masana. Mukaona kuti wafooka, thupi latentha, watuluka matuza kapena thewera likungokhala louma, siyani tsitsi la munthu lili theka muthamange naye kuchipatala.

Zodzoza mobisa ndakana. Mafutawa amafunika kubwereza pakatha maola awiri, komanso mwana akatuluka thukuta kwambiri. Amene mungamudzoze mwakabisira m'mawa adzakhala atatha mphamvu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo nthawi imeneyo inu muli kusaluni. Manja amene angamudzozenso ndi a apongozi anu, ndiye musawataye.

Aphungu