Makompyuta a Mlombwa

Lolemba, 12 Epulo 1999

Sabata ina yatha osagulitsa ngakhale kampando. Anthu onse akuthamangira masofa onyezimira a ku Dubai. Amake Faraja ayambanso nyimbo yawo ija: achimwene awo andipezera ulonda kwa mzungu ku Msasani, ndiyankhe mwezi usanathe. Ine Kenani, kalipentala wodziwika dera lathu lonse la Keko, ndizikatsegulira geti galu wa mzungu? Mtima ukundiwawa.

Lachiwiri, 13 Epulo

Kwabwera a Goodluck, aja atsegula ofesi yotulutsa katundu kudoko. Akufuna makompyuta anayi. Ndati bwana mwasochera. Akuti, "Hapana fundi," ndiye kuti iyayi mmisiri, akufuna amatabwa. Akuti enieni ndi odula, koma masiku ano kasitomala akapeza ofesi yopanda kompyuta amabwerera pakhomo. Akawakonda, matebulo ndi makabati onse a mu ofesimo ndipanga ndine.

Ndakayeza kompyuta ya pa kafe ya intaneti ndi tepi, mwiniwake akundiyang'ana ngati mbava.

Lachisanu, 16 Epulo

Mabokosi atha. Mlombwa weniweni, penti yotuwa, galasi kutsogolo. Chatsala n'choti pagalasipo pazioneka chiyani. Ine ndimayesa kompyuta ndi kompyuta basi, kani nayo ili ndi mipingo. Somoe, mlembi wa a Goodluck, akuti ndijambule Windozi, ya mitambo ija, poti ndi yosavuta, ngakhale mwana sasochera. Nasibu, mwana wa mlongo wa a Goodluck, wophunzira ku yunivesite, akuti Linakisi, ya kabakha konenepa, poti ndi yaliwiro ndipo siima panjira.

Ndawakumbutsa kuti ndi thabwa. Onse andiyang'ana ngati ndatukwana pamaliro.

Loweruka, 17 Epulo

Ndajambula zonse ziwiri pa timatabwa tolowetsa cham'mbali, wofuna kusintha azingosolola. Nasibu akuti si bakha. Koma ine ndikuona mapazi ndi a bakha.

Lachiwiri, 20 Epulo

Mvula chiyambire dzulo. Andiitana ku ofesi mwachangu, akuti Windozi yakana kutuluka. Thabwa lafufuma ndi chinyontho, palibenso china. Nasibu kuvina: "Si ndinanena! Yolemera imeneyo!" Somoe wasolola kabakha mwaukali, kang'ambika pakati, ndiye akuti, "Onani bwana, yovuta kugwiritsa ntchito."

A Goodluck andikokera pambali, akuti monga katswiri ndiwauze yabwino ndi iti. Ndati Windozi imadya penti yambiri, Linakisi imauma msanga koma mlomo wa bakha umavuta kujambula. Agwedeza mutu ngati amva za nzeru. Ndajambulanso kabakha kong'ambika kaja, ndapala zonse ndi randa, tsopano zikutereramo bwino.

Lachinayi, 22 Epulo

Tsoka silinunkha. Somoe wadutsa kudzandiuza. Kunabwera kasitomala wamkulu, mayi wa malole wa ku Lubumbashi. Ali pakati pokambirana magetsi anathima. Fani inaima, ofesi yonse bii, koma makompyuta anayi ali ngwee, mitambo uku abakha uku. Mayiyo anaimirira, kugogoda imodzi ndi mphete yawo, kumvetsera, n'kutuluka osatsanzika.

Amake Faraja asita kale yunifolomu yaulonda yomwe achimwene awo andipatsa. Apinda ndi miyendo yomwe, poti achimwene awo ndi aatali. Sindinadye.

Loweruka, 24 Epulo

A Goodluck andipeza ndikulongedza matchizulo m'thumba. Ndinakonzeka kutukwanidwa. Akuti vuto si thabwa, vuto n'loti makompyuta anga sadziwa kuzima. Akufuna timatabwa takuda, magetsi akathima Somoe azilowetsa msanga.

Kenako atsitsa mawu. Mayi aja anabweranso dzulo, osati kwa iwo, koma kudzafunsa za fundi, ineyo. Akufuna khumi a ofesi yawo ya ku Lubumbashi. Atumiza funso limodzi lokha: kwawoko chiswe n'chambiri, ndiye yolimba ndi iti, Windozi kapena Linakisi?

Ndakhutula thumba pabenchi. Ndati bwana, funso limenelo si loyankha choimirira, khalani pansi.