Chidindo Chofiira pa Nyumba ya Amayi

LACHIWIRI

Chidule 10:14
achemwali ndalowa kale mu office ya za malo. munkati nditha tsiku lonse pa line 😎

Achemwali 10:16
walowa bwnj msanga choncho? dzana unati line imafika pa gate

Chidule 10:17
line ija ndi ya anthu wamba. mkati muli desk ina yalembedwa investors. palibe munthu, sofa, fan, mpaka andipatsa madzi a m'botolo

Achemwali 10:17
investor ndani?

Chidule 10:18
inuyo. ndawauza kt mwini nyumba ndi achemwali anga, ali kunja, ndi nzika ya konko. mayi wa pa desk mpaka waimirira pondipatsa moni

Achemwali 10:18
choka pamenepo

Achemwali 10:18
tenga file ubwerere pa line

Achemwali 10:20
📞 sinayankhidwe

Achemwali 10:21
ndili pa shift ndikusambitsa agogo a eni ake, sindingamangoimba. yankha iwe

Chidule 11:47
achemwali pali ka problem pang'ono

Achemwali 11:47
kamba

Chidule 11:50
🎤 0:52
Eeh achemwali, musakwiye kaye. Mayi uja anatenga file n'kudinda chidindo chofiira pamwamba, ine ndimayesa ndi cha express. Kenako akundiuza kuti lamulo linasintha. Akuti munthu amene si nzika ya dziko lino saloledwanso kulembetsa nyumba yokhalamo m'dzina lake, koma mashopu ndi mafakitale basi. Ndiye poti yathuyi title inali isanatuluke, file aigwira. Ndati ndibwezereni ndikaime pa line, akuti yalowa kale mu system.

Achemwali 11:52
ndye nyumbayo itani?

Chidule 11:53
akuti nyumba zotere mwezi uno ukatha amazigulitsa kwa nzika. mwini wake amamubwezera ndalama zake

Achemwali 11:53
amayi akagona mu ndalama?

Chidule 11:55
ndinawauza kt bas ailembe m'dzina langa. akuti file yofiira sisintha dzina ngakhale kwa m'bale

Achemwali 11:56
ndinakutuma chinthu chimodzi. kuima. sindinati uganize, ndinati uime

Chidule 11:56
pepani

Achemwali 11:57
amayi wawauza?

Chidule 11:58
ayi. koma mvetserani izi, anditumizira ndili mkati muja

Chidule 11:58
🎤 0:39, yochokera kwa Amayi
Iwe, pepala lija akupatsa? Ukamabwera udzere ku hardware undigulire misomali ya konkire iwiri. Chithunzi cha bambo ako chatopa kukhala pansi kuseri kwa kabati. Ine ndinati sindikhoma kanthu pakhoma mpaka pepala lituluke, za lendi zinandiphunzitsa, unkangoti kho landilodi ali pakhomo. Ndiye lero ndikhome m'nyumba mwangamwanga.

Chidule 12:01
ndiwauze chani?

Achemwali 12:26
uwauze kt network inavuta ku office. misomaliyo gula

LACHITATU

Chidule 08:05
ndili pa line. ya anthu wamba. dzuwa lake ngati ndalakwira boma

Achemwali 08:31
walakwira ine. ima

Chidule 14:12
ndakumana ndi bwana wa mayi uja. munthu wabwinobwino, wandimvetsera mpaka kumapeto

Chidule 14:13
akuti njira ilipo imodzi. ngati mwini nyumba ndi nzika ndipo chidindo chinadindidwa molakwika, abwere yekha ndi passport ya kuno adinde chala mwezi usanathe. photocopy ayi, video call ayi, kutuma munthu ayi

Chidule 14:14
koma poti inu munasintha kale passport ndye sizikutithandiza

Chidule 14:20
panja pano pali mkulu wina wa jekete, akuti amadziwana ndi a mu system, atha kuchichotsa chidindocho mwachangu

Achemwali 14:22
ukangomupatsa file number ndiku blocka moyo wako wonse

Chidule 14:22
ndimangonena

Achemwali 14:23
dzina lakoli amayi sanakupatse mwangozi

Chidule 14:25
nanga titani achemwali? dzulo amayi anandifunsa kawiri. akuti network yake ndi yotani yosabwerera

Achemwali 14:58
📷 chithunzi: passport ili pa bedi, m'mbali mwake mwayamba kunyotsoka

Chidule 14:59
iyi si yakale ija?

Achemwali 14:59
ndi yomweyo. ndilibe ina

Chidule 15:00
mukutanthauza chani

Chidule 15:00
nanga zija tinavina pakhonde? ine mpaka status, my sister is now a citizen

Achemwali 15:03
ndinati ndapeza mapepala. inali permit ya ntchito. za citizen unawonjezera ndiwe, amayi n'kuyamba kulira ndi chimwemwe pa video. ndikanawadula pakamwa?

Chidule 15:04
ndye ndinu nzika ya kuno

Achemwali 15:04
kuyambira tsiku lomwe ndinabadwa. pa line paja file ikanadutsa bwinobwino

Chidule 15:05
aaa ndye zatheka!! kwerani ndege mudzadinde chala mubwerere, weekend imodzi bas

Chidule 15:11
achemwali?

Chidule 15:30
ndalakwitsanso chani

Achemwali 16:44
🎤 1:04
Tamvera bwino, ndili mu store room, sindibwereza. Permit yanga inatha, ndinapempha ina, ndikudikira yankho. Amandilola kugwira ntchito podikirapo, koma loya wa kuno anandiuza mosabisa kuti ndikangotuluka m'dziko muno yankho lisanabwere, pempho limafa. Sindilowanso. Ntchito, chipinda, zonse ndakhala ndikupirira kuno zithera pa airport. Yankholo litha kubwera mawa, litha kubwera chaka chamawa. Ndiye weekend imene ukunenayo kulibe. Ndili ndi mantha, Chidule, sindikunamiza.

Chidule 16:50
sindimadziwa

Achemwali 16:51
sunafunse. unali busy ndi madzi a m'botolo

LACHINAYI

Chidule 07:40
mwadzuka bwnj achemwali

Chidule 07:52
ndaganiza. musabwere. nyumba ipite, mudzagula ina. amayi ndiwatenga azikhala kwathu

Achemwali 09:15
kwanu kuti? pa sitting room pamene umagoneka njinga yamoto? alamu ndi ana awiri chipinda chimodzi?

Chidule 09:17
njinga izigona panja

Achemwali 09:18
ndipo landlord wako adzawalola kukhoma msomali?

Chidule 09:40
ndapitanso kwa bwana uja. ndamuuza kt wolakwa ndine, ndinanama pofuna kudumpha line, andimange ine ngati akufuna. waseka. akuti akundikhulupirira koma system simva pepani, imamva chala

Chidule 09:41
mwafunsa loya wanu ngati pali ka emergency travel?

Achemwali 11:02
ndafunsa. akuti pokhapokha pa maliro

Chidule 11:03
musatero achemwali

Achemwali 11:03
sindinatero. ndikukuuza zomwe wanena

Chidule 13:26
amayi aona misomali mthumba la jekete langa. aitenga

Chidule 13:27
sanakhome. angoiika pa window. akuti nkhope yanga sikuoneka ngati ya network

Chidule 15:48
📞 sinayankhidwe

Chidule 17:05
ndiyankheni olo ka emoji

LACHISANU

Chidule 08:10
achemwali

Chidule 10:33
🎤 0:31, yochokera kwa Amayi
Umuuze mkulu wako asadzivutitse. Ine ndaona kuti pali chimene mukundibisira. Ngati nyumbayi ili ndi mlandu, makatoni anga sindinataye, ali pamwamba pa wadiropu. Kusamuka ndimakudziwa. Iye asasiye ntchito yake chifukwa cha ine, wamva?

Chidule 10:34
sindinawauze kanthu, ndikulumbira

Chidule 12:15
mwaimvera? ikuonetsa blue

Achemwali 15:37
📷 chithunzi: ticket ya ndege

Achemwali 15:38
ndifika lachiwiri m'mawa. usabwere ndi njinga, ndili ndi zikwama zitatu

Chidule 15:38
zitatu?

Achemwali 15:40
kuchoka pa airport tilunjika ku office. tikaima pa line ya anthu wamba, iwe kutsogolo ine kumbuyo kwako, ndizikuona

Chidule 15:41
achemwali ganizani kaye. amayi anena okha kt musasiye

Achemwali 15:43
ndasambitsa amayi a anthu ena mokwanira. makatoni aja uwatsitse uwapatse a pa grocery

Achemwali 15:44
ndipo uwauze amayi akhome msomali uja lero. chithunzi cha adadi ndidzachipeze pakhoma

Chidule 15:46
ndiwauza

Chidule 15:52
ticket yi ndaiona bwino koma mbali ya return sikuoneka. mwina yaduka pojambula

Chidule 16:20
achemwali return yake ndi liti?