Kadontho Kofiira Paphiri

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno ine ndilipo, koma bambo sali bwino. Foni yanga suyankha, ndiye ndati mwina pepala ulichitira manyazi.

Ntchito yanga ukuidziwa, ija unkaiseka kuti ndimangotha magetsi. Ndimatenga chithunzi cha phiri, n'kuchiika pakompyuta, kuchikoka uku ndi uku, mpaka miyala ndi mitengo zitasungunuka n'kutsala mitundu yokhayokha. Anthu amakapachika m'maofesi. Azakhali mpaka lero amati zimaoneka ngati mwana wataya penti pansi.

Mwezi watha ndinapanga china kuchokera pa chithunzi chakale chija, cha phiri la kuseri kwa nyumba imene tinakuliramo. Iwe unaima pathanthwe utavala chipewa chako chofiira. Nditamaliza kusakaniza, unangotsala kadontho kofiira pakati pa zobiriwira ndi zotuwa. Ndinachisindikiza chachikulu n'kuchiyedzamiritsa kukhoma pabalaza.

Bambo maso anachita ng'ala, ndipo mutu nawo wayamba kutaya zinthu. Ine amene ndimawasambitsa amanditcha anesi. Koma atangochiona chithunzicho anaimirira okha, osagwira ndodo, n'kunena kuti phiri lathu ilo. Chimene anthu a maso abwinobwino amalephera kuona iwo anachiona, mwina poti dziko lonse amaliona choncho masiku ano. Kenako analoza kadontho kaja n'kufunsa kuti mwanayu akutani pamwambapo pomwe mvula ikubwera.

Tsiku limenelo ndinaseka. Pano kuseka kunatha.

Anakokera mpando pafupi n'kumakhala pomwepo kuyambira m'mawa, kukuitana kuti utsike. Chakudya anakana, ati sangadye mwana ali kunja. Ndinayesa kuwauza kuti unakula, uli ndi banja lako, ukugwira ntchito kutali. Anandiyankha kuti anesi asalowerere za m'banja la eni. Za mkangano wanu uja, ndi mawu anakunenera pa maliro a amayi aja, sakukumbukira n'komwe. Watsala nawo mawuwo ndiwe wekha.

Nditabisa chithunzicho kuchipinda analira mpaka ndinachibweza. Adokotala akuti thupi lilibe vuto lina, koma akapitiriza kukana chakudya sitikhala nawo nthawi yaitali. Lamba wawo ndaboola kale bowo lina.

Ndiye ndinati ndiyese nzeru zanga za pakompyuta. Ndinatsegula chithunzicho, n'kufufuta kadontho kaja, pamalopo n'kupakapo zobiriwira, moti ngakhale ineyo sindingaloze pamene unali. Ndinasindikiza china n'kusinthanitsa iwo akugona masana. Ndinkati akaona kuti paphiri palibenso munthu, mtima ukhala pansi, adya.

Mlongo wanga, ndinaziputa. Anachiyang'ana nthawi yaitali, nkhope n'kuwala, n'kunena kuti mwana uja watsika, ali m'njira. Anandiuza kuti ndiwamete ndevu, ndiwapatse jekete ndi nsapato zawo zakuda zija. Mpando anausamutsira pakhomo. Akuti adya limodzi ndi iwe ukafika, ndipo mbale yako ndiivundikire chakudya chisazizire.

Chikhalireni pakhomopo. Munthu akadutsa pamsewu amadzutsa mutu, akaona kuti wapitirira amauweramitsanso. Amangolandira madzi ndi tiyi pang'ono, nayenso ndichite kuwanyengerera. Ndinaganiza zobwezeretsa kadontho kaja, koma ndiwauza chiyani, kuti wakweranso? Ndikuopa kuti zimenezo zingawamalize. Ndatopa, ndili ndi mantha, ndipo nzeru zandithera.

Sindikukupempha kuti uwakhululukire. Zimenezo ndi za iwe ndi mtima wako. Ndikukupempha kuti ukwere basi, ulowe pageti, ukhale nawo pansi mudye. Ngakhale osalankhula kanthu, bola akuone ukutafuna. Akapanda kuizindikira nkhope yako usakhumudwe, ine ndinazolowera. Ungogula chipewa chofiira m'njiramo, uvale polowa.

Undiperekere moni kwa alamu, uwauze kuti ndagwada, akumasule masiku ochepa okha. Ana onse uwapatse moni wa azakhali awo. Mulungu akusunge, ndipo akuyendetse bwino.

Fulumira, chonde. Mbale yako ndavundikira.

Ndine mlongo wako wamkulu,
uja bambo akumutcha anesi.