Mtengo wa a Kostas

Lachiwiri, Novembala. Mvula tsiku lonse.

Digiri yanga ya zankhalango yagwira ntchito lero koyamba chibwerereni kuno kunja, mumzinda wa Bolton, ndipo yapweteka munthu. A Kostas, bambo a ku Girisi amene ndimawasamalira kunyumba ya okalamba, andionetsa chithunzi cha mtengo wakalekale wa pabwalo la m'mudzi mwawo. Maluwa apepo, tizipatso tachikasu. Dzina la mtengowo lawathawa, ngati mmene akuwathawira maina a ana awo.

"Paja unaphunzira za mitengo iwe. Ndi mtengo wanji uwu?"

Ndauzindikira pompo, poti kwathu ku Dedza uli mbwee m'makomo. Ndi phuma langa lomweli ndangoti, "Indiya!"

Andiyang'ana mwamantha. "India? Ndiye kuti si kwathu kumeneku?"

Ndayesa kufotokoza kuti limenelo ndi dzina la Chichewa chabe, ndatchula ndi la Chilatini lomwe. Iwo angovundikira chithunzicho n'kuyamba kulira. Nkhomaliro akana.

Ndimati ndisiye ntchitoyi mwezi uno, yandikwana. Koma ndichoka bwanji nditamulanda munthu mudzi wake? Mawa ndipita nalo dzina la Chigiriki la mtengowo. Kaya adzavomera kuchivundukulanso chithunzicho, kaya...