Tichotse pa Tsamba Loyamba

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi akazi ako ndi mwana. Chifuwa chako chija chinatha? Kuno mayi miyendo ikuwavutabe, bambo m'thupi ali bwino. Ndalemba papepala n'kujambula pafoni chifukwa ndikakuimbira umandidula kuti uli pantchito, ndipo nkhaniyi si yodula.

Ndi za webusaiti ija unawakonzera bambo usanapite.

Ukukumbukira mmene tinakusekera. Bambo, kalipentala wa zitseko ndi mabedi, amene foni amachita kuikuwira, akhale pa intaneti! Iwe unauma mutu. Unati webusaiti yosaoneka pa tsamba loyamba munthu akamasaka ili ngati shopu yomangidwa kuseri kwa chimbudzi. Unatsegula pulogalamu yako yoonetsa mawu amene anthu amasaka kwambiri, n'kupeza kuti zitseko sazisaka, mabedi pang'ono, koma mabokosi a maliro tsiku ndi tsiku. Unadzaza mawuwo pamutu pa tsamba, pansi pa zithunzi, paliponse. Bambo anati iwo bokosi amakhoma pokhapokha mnansi akawapempha. Iwe unati ndi mawu chabe okopera anthu.

Nzeru zako zinagwira, pamenepo ndikuvulira chipewa. Tinakwera mpaka pamwamba penipeni. Lero mushedi mopalira matabwa muja mabokosi asanjikizana kufika kudenga, ang'onoang'ono ali pamwamba, ndipo mayi anasiya kudutsamo popita koyanika zovala.

Kompyuta anaigwira ndi alamu ako. Amuna anga ndimawakonda, koma chinthu akachikonda makutu amatseka. M'mawa uliwonse amatsegula chithunzi cha mzere woonetsa kuchuluka kwa anthu otipeza, mzere ukakwera amaimba likhweru. Ndinawafunsa ngati amaganizako chimene chimakweza mzerewo. Anati ine bizinesi sindiidziwa.

Chimene tonse sitinachiganize ndi ichi. Anthu ambiri sasaka bokosi munthu atamwalira. Amasaka wodwala akadali pabedi, mwakachetechete, kuti akonzekere. Ena amasiya nambala ya foni pamalo paja unaika pa webusaiti. Alamu ako anapeza malangizo akuti wosiya nambala aziimbiridwa msanga asanapite kwina, ndipo amawatsatira ngati ochokera paguwa.

Sabata yatha anaimbira nambala ina. Inali ya mwana wamkazi wa atelala a mumsewu mwathu, amene ankadwazika bambo akewo kuchipatala. Mtsikanayo anali atatuluka kukatsuka mbale, foni anayankha ndi atelala eniake. Alamu ako, osafunsa n'komwe, anati bokosi lilipo lokonzeka, angonena msinkhu wa munthuyo. Atelala anauza aliyense amene anabwera kudzawazonda tsikulo. M'mawa mwake anamwalira.

Mtsikanayo sananene kuti nambala anasiya yekha. Sindikumuda. Ndani angavomere pamaso pa abale kuti amafunsa za bokosi bambo ake akupuma? Ndiye mumsewu muno nkhani ili pakamwa ndi yakuti kwathu timadziwiratu amene afe. Ena akuti sitimangodziwa chabe.

Mayi wa makala uja anandiuza kuti makala atha, matumba ali mbwee kumbuyo kwake. Ana akafika pageti pathu amathamanga. Ukudziwa chizolowezi cha bambo choyang'ana munthu kuyambira kumutu mpaka kumapazi akamamupatsa moni. Dzana anatero kwa wometa tsitsi, munthuyo anawatukwana pagulu, akuti asamuyeze. Bambo anabwerera kunyumba, chakudya sanachikhudze. Dzulo tinapeza zenera la shedi lophwanyika, mwala uli mkati.

Alamu ako tsopano likhweru linatha. Anayesa kutitsitsa kuti tichoke pa tsamba loyamba, koma mapulogalamu onsewa ndi okwezera, wotsitsira palibe. Ndipo mawu achinsinsi otsekera webusaitiyo uli nawo ndiwe wekha, iwo amangotha kuona.

Lero m'mawa ndinakhala nawo pakompyuta. Tinatsegula pamene pamaoneka mawu amene anthu alemba kuti atipeze. Ofunsa za mabokosi achepa. Pamwamba pali mawu atsopano: kalipentala wa mabokosi amakhala pati. Awalemba si anthu a mumsewu muno, amenewa kwathu amakudziwa kale. Ndipo webusaiti ikuwayankha mokoma mtima, ndi mapu, ndi chithunzi cha geti lathu, poti pulogalamu inati zimenezo zimakweza.

Ndili ndi mantha, mlongo wanga. Ndawapempha bambo kuti apite kwa azakhali akakhaleko kaye. Akana. Akuti sanaphe munthu, ndipo nyumba yawo sangaithawe. Mmene ndikulemba pano atulutsa mpando, akhala pakhonde moyang'ana geti, manja ali pamaondo.

Chonde, ukangowerenga usadikire kuweruka. Tseka zonse, mapu, zithunzi, nambala. Kenako uwaimbire bambo. Ine akuti ndine wamantha, koma iwe amakumvera. Usayambe ndi kuwafotokozera za intaneti, ungowauza kuti alowe m'nyumba.

Undiperekere moni kwa akazi ako, mwana umupsompsone m'malo mwanga. Mayi akuti Mulungu akusunge kumeneko, ndipo akupempha kuti nawenso utipempherere.

Ndine mlongo wako wamkulu,
amene anakubereka kumsana.