Kuperekeza a Mbewe ku Inverness

Okondedwa alongo anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno ku Wigston, ku Mangalande, tilipo, bondo lokha ndilo likuvuta.

A Mbewe, anzanga akutchalitchi aja, asamukira ku Inverness, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Ndinawaperekeza pa vani ya katundu, ulendo wa tsiku lathunthu, mapoto a akazi awo ali pamiyendo panga. Tinatsitsa katundu yense mvula ikugwa.

Tsiku lobwerera a Mbewe anaima pakhomo, nsapato osavala, nati, "Muyende bwino achimwene, kunjaku kukuzizira," n'kutseka chitseko. Ngakhale kundifikitsa pageti, ayi. Njira ya kusiteshoni ndinachita kufunsa azungu.

Chibwerereni, a Mbewe aimba foni katatu, sindinayankhe. Tandiuzani, kodi kwathuko anthu anasiya kuperekeza mlendo? Mukati eya, ndiwayankha.

Mupereke moni kwa alamu. Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Yohane